Ndinapereka katemera koma nkhuku zinafabe: vuto linali pati?

Funso: Ndimaweta nkhuku zanyama kuseri kwa nyumba kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare, 200 ulendo uliwonse. Gulu lachitatuli ndinaliika m'khola patangopita masiku anayi chigulitsireni lachiwiri. Katemera wa matenda a Gumboro ndinapereka tsiku la 7 m'madzi a pampopi. Cha m'ma tsiku la 19 zina zinayamba kuzyolika ndi kutsegula m'mimba zoyera, zinafa 14, ndinathira mankhwala m'madzi ndipo imfa inaleka. Tsiku la 21 ndinapereka LaSota, katemera wa chitopa. Pofika tsiku la 33 zinayamba kubanika, zitosi zobiriwira, zina kupotoka makosi, zafa zoposa 70. Kodi anandigulitsa katemera wabodza, kapena katemerayo ndiye anabweretsa matenda? Nanga bwanji nkhuku zachikuda za anansi anga, zosatemera n'komwe, zikungoyendayenda?

Yankho: Pepani mayi, nkhuku zoposa 80 pa 200 ndiye kuti mpamba wonse wapita. Koma musanabwerere kusitolo kukakalipa, yang'ananinso masiku amene mwatchulawa, chifukwa yankho lili momwemo. Nkhuku zanu zinadwala kawiri. Za tsiku la 19 ndi zizindikiro za Gumboro, zimene zinayamba tsiku la 33 ndi za chitopa, ndipo matenda oyambawo ndiwo anatsegulira achiwiri chitseko. LaSota wanu akhoza kukhala kuti anali wabwinobwino, kungoti anapeza thupi lopanda mphamvu zomulandira.

Katemera sachiza, ndipo sapha kachilombo. M'kabotolo ka LaSota kapena ka Gumboro muli kachilombo kamoyo, ka mtundu womwewo wa matendawo koma kofooka. Kakalowa m'thupi kamayenera kuswana kwa masiku angapo, thupi n'kukazindikira, n'kupanga asilikali amene kolusa kakadzabwera kadzawapeze ali tcheru. Wogwira ntchito ndi thupi la nkhukuyo, katemera amangolionetsa nkhope ya mdani. Asilikaliwo amayamba kuoneka m'magazi pakapita masiku 6 mpaka 10, ndipo amachuluka kwenikweni pakatha masabata atatu kapena anayi.

Tsiku lina mukamatumbula nkhuku ya masabata anayi, musafulumire kutaya zam'kati. Pamwamba pa potulukira zitosi, chakumsana, mupeza kathumba koyererako, kozungulira, kokula ngati nzama yaikulu, ndipo mukakang'amba mkati mwake muli makwinya ondondana. Madokotala a ziweto amakatcha bursa. M'kathumba kameneka ndimo mumakhwimira maselo opanga asilikali a m'magazi. Nkhuku ilibe tinthu tija timatupa n'kukhala mwanabere mwa anthufe, choncho imadalira kwambiri kathumbaka, kapamba, ndi tinyama tina tondondana mbali zonse ziwiri za khosi, totchedwa thymus, momwe mumakhwimira maselo osaka ndi kupha maselo anzawo ogwidwa ndi kachilombo. Kathumbaka kamagwira ntchito yake yaikulu m'masabata oyamba, kamagawa maselo ake ku ziwalo zina, kenako kamafota kokha nkhuku ikamafika poikira mazira.

Kachilombo ka Gumboro chakudya chake ndi maselo a m'kathumba kameneka. Dzinali ndi la tauni ina ku Delaware, m'dziko la America, kumene matendawa anafotokozedwa koyamba mu 1962. Akagwira nkhuku za masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi amaonekera poyera: kuzyolika, nthenga kunyankhalala, zitosi zamadzi zoyera zomata kumbuyo, kujomphana potulukira zitosi. Mukatumbula yakufa mupeza kathumba katatupa, kali ndi madzi achikasu kapena magazi, ndiponso madontho a magazi m'minofu ya ntchafu ndi chidale. Imfa imakwera mwachangu, n'kutsika yokha pasanathe sabata. Apa ndipo ambiri amanamizika. Mankhwala amene munathira m'madzi aja sanachize Gumboro, maantibayotiki sagwira mavairasi. Matendawo anangomaliza ulendo wawo.

Chotsala m'mbuyo ndicho choopsa. Kathumba kamatupa tsiku lachitatu ndi lachinayi, pofika tsiku la 8 kafota mpaka kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwake. Inu munapereka LaSota tsiku la 21, masiku awiri okha matenda ataonekera, nthawi imene maselo oti alandire katemerayo anali kufa. Zinali ngati kukamema anthu a ganyu pamudzi pamene pagwa maliro. Nkhuku yopulumuka Gumboro imakhala ndi chitetezo champhamvu cha Gumboro yemweyo, koma katemera wa matenda ena imamuyankha mofooka. Ikagwidwa itakulirapo, kathumba kamachira pang'onopang'ono, kungoti nkhuku yanyama sikhala ndi masiku odikira kuchirako. Ndipo ikagwidwa isanakwane masabata awiri simuona chizindikiro chilichonse, palibe kutsegula m'mimba, palibe imfa, koma chilema cha chitetezo chimatha kukhala cha moyo wonse. Gulu lotere mumangoliona likukula mosiyanasiyana, chimfine chosatha, katemera aliyense osagwira.

Funso lenileni tsono ndi lakuti bwanji katemera wa Gumboro wa tsiku la 7 sanateteze. Mwanapiye amaswedwa ndi chitetezo chobwereka kwa make, chodzera mu yolk, kachikasu ka dzira kamene amamaliza kuyamwa m'masiku anayi oyamba. Makampani oswetsa anapiye amabaya nkhuku zoikira mazirawo katemera wamphamvu dala, kuti anapiye atuluke ndi asilikali ambiri. Asilikali obwerekawa sasiyanitsa kachilombo kolusa ndi ka katemera, amapha konse. Mwa nkhuku zanyama amachepa ndi theka pafupifupi masiku atatu aliwonse kuyambira tsiku lachinayi. Werengani nokha: tsiku la 7 patsala theka, la 10 gawo limodzi mwa 4, la 13 limodzi mwa 8, la 16 limodzi mwa 16, la 19 limodzi mwa 32. Tsiku la 7, theka lija linali lokwanira kupha katemera wanu yense asanaswane. Pofika tsiku la 16 chobwereka chinali chitatha mphamvu, chawochawo asanapange, ndipo anapiye anali pambalambanda. Mwa anapiye amazira chitetezo cha make chimachedwerapo kutha, n'chifukwa chake katemera wawo wa Gumboro amaperekedwa mochedwerapo kuposa wa zanyama.

Pali kampata kena kamene ngakhale mlimi wosamala sangakatseke ndi katemera yekha. Kachilombo kolusa kamathyola chitetezo cha make chikadali chambiri ndithu, pamene kofooka ka katemera kamadikira chitsike kwambiri. Ndiye pamakhala masiku angapo amene kolusa kangalowe koma katemera sangagwire. Wofika msanga pa kathumba ndiye wapambana. Mpikisano umenewu mumaupambana pochepetsa kachilombo m'khola, ndipo masiku anayi amene khola lanu linapuma sanali kanthu. Kachilombo ka Gumboro n'kouma mutu kwambiri, kamakhala ndi moyo m'khola losatsukidwa mpaka miyezi inayi, m'fumbi, m'ming'alu ya pansi, m'zodyera, ngakhale m'tizikumbu takuda tija timabisala mu utuchi. Mankhwala ambiri opopera sakapha. N'chifukwa chake gulu loyamba m'khola latsopano limayenda bwino, lachiwiri choncho, lachitatu n'kugwa. Kachilombo kamakhala kakuunjikana.

Madzi a pampopi nawo ndi mlandu wachiwiri. Madzi a khonsolo amakhala ndi klorini, ndipo ambirife timathiranso mankhwala m'madzi a pamjigo poopa kolera. Klorini wochepa yemwe amapha kachilombo ka katemera m'kanthawi kochepa. Njira yake ndi iyi. Tungani madzi dzulo lake, agone m'chidebe chapulasitiki chosavundikira, osati chachitsulo. M'mawa thiranimo mkaka waufa wopanda mafuta, magalamu awiri pa lita, imene ndi tiyisupuni imodzi yosadzaza mpaka pamwamba, takasani n'kudikira mphindi 20 kapena 30. Mkaka wamafuta sukhala bwino chifukwa mafuta amayandama n'kutenga katemera kupita naye pamwamba. M'masitolo a zaulimi muli mapiritsi kapena ufa wabuluu wogwira ntchito yomweyi, ndipo ubwino wake umadetsa lilime. Mukamaliza gwirani nkhuku 20, mwa izo 18 zikhale ndi lilime labuluu. Zikachepera apo, gulu silinatemeredwe mokwanira. Zomwera zitsukidwe ndi madzi okha, popanda sopo kapena mankhwala opha tizilombo, kuyambira masiku awiri katemera asanaperekedwe mpaka tsiku lotsatira.

Chotsani madzi ola limodzi kukatentha, maola awiri kukazizira, kuti nkhuku zimve ludzu. Kabotolo mukatsegulire m'kati mwa madzi, chifukwa mulibe mpweya, madzi alowe okha. Kawirikawiri kabotolo kamakhala ka nkhuku 1,000, pamene inu muli ndi 200. Osayesa kugawa ufawo ndi maso. Sungunulani wonse mu lita imodzi ya madzi okonzedwa aja, kuti mililita imodzi ikhale ya nkhuku imodzi, kenako tengani mamililita 200 mpaka 250 n'kuthira m'madzi omwetsa. Nkhuku 200 za masiku 14 zifuna pafupifupi malita 4, za masiku 21 pafupifupi malita 6. Onjezani zomwera kuti zonse zimwe nthawi imodzi, pamthunzi, m'mawa, ndipo muzidzutsa zogona m'makona. Madzi athe pakati pa ola limodzi ndi theka ndi maola awiri. Akatha m'mphindi 30, zamphamvu zokha ndizo zamwa. Akapitirira maola awiri, zomalizira zamwa katemera wakufa. Wotsala sasungika ngakhale m'firiji. Njira yabwino n'kupangana ndi anzanu anayi kuti mugule anapiye tsiku limodzi, mudzagawane kabotolo ola lomwelo, aliyense atenge wake m'fulasiki yozizira pageti, osalowa m'khola la mnzake.

Za kusitolo tisazisiye konse. Katemera amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Magetsi akazima tsiku lonse firiji n'kufunda, kapena kabotolo kakayenda m'chikwama mu kombi (minibasi) kuchokera mutauni mwezi wa Okutobala, kachilombo kamafa ngakhale deti yake isanathe. Funsani wogulitsa mmene amasungira magetsi akachoka, ndipo mupite ndi fulasiki ya madzi oundana. Ufa wa m'kabotolo ukhale wouma, wogwirana ngati kabisiketi. Ukaoneka wosungunuka kapena womata, usiyeni. Katemera wakufa ndi kutentha amachuluka kuposa amene anthu amamutcha wabodza.

Mwafunsa ngati katemera angabweretse matenda. LaSota sangapotole makosi kapena kupha nkhuku 70, ndi kachilombo kofatsa kamene sikafika ku ubongo. Chimene amachita ndi kachimfine, kuyetsemula ndi maso amisozi patapita masiku atatu mpaka asanu, n'kutha pakatha sabata. Kachimfineka kamakula ngati nkhuku zinali kale ndi mabakiteriya m'njira ya mpweya, ngati khola n'lotsamwitsa, kapena ngati theka lokha linamwa katemera, chifukwa zotsalazo zimatengera kwa zinzawo mochedwa ndipo chimfine chimangozungulira. Katemera wa Gumboro ndiye ali ndi mbali ina yofunika kuidziwa. Alipo ofatsa, apakati, ndi aukali, amene pakabotolo amalemba intermediate plus. Aukaliwa amathyola chitetezo cha make msanga, koma nawo amapweteka kathumba pang'ono. Ndi othandiza m'khola limene Gumboro wolusa wazika mizu, koma osawapereka mwachisawawa, osawirikiza mlingo, ndipo osawapatsa anapiye a masiku ochepa opanda chitetezo cha make, monga oswedwa pakhomo.

Nkhuku za anansi anu, maroadrunner monga timazitchulira kuno, zisakupusitseni. Zazikuluzo zinadutsa kale msinkhu wa Gumboro, ndipo zambiri ndi zotsala pa miliri yakale, zinadwala n'kupulumuka, zinzawo zinafa osawerengedwa. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti chitopa chikalowa pamene sichinafikepo kwa nthawi, chimasesa pafupifupi khola lonse. Komanso chitopa chimabisala m'thupi masiku 2 mpaka 15 chisanaonekere, mwina mliri sunazifikire. Zikhoza kukhalanso kuti ndizo zinabweretsa, makamaka ngati pali yogulidwa kumene ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, kumene nkhuku zochokera madera osiyanasiyana zimakhala m'zitete zoyandikana. Nkhuku yotetezedwa sifa, komabe imatha kugwidwa n'kumataya kachilombo m'zitosi. Zachikudazi katemera wake woyenera ndi I-2, wopirira kutentha, dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Ku Malawi amatemera m'miyezi ya Malichi, Julayi ndi Novembala. Mukawathandiza anansi anu kutemera, mwatchinga khola lanu lomwe.

Gumboro si yekha wofoola chitetezo. Kachilombo ka Marek kamakhala m'fumbi la nthenga, kamaononga maselo a chitetezo ndi kuyambitsa zotupa, ndipo mumakazindikira nkhuku ya miyezi itatu kapena inayi ikapuwala, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo. Katemera wake amabayidwa tsiku loyamba komwe amaswetserako, ndipo amafuna sabata kapena awiri kuti agwire, choncho mwanapiye wolowa m'khola lafumbi amagwidwa katemera asanakhwime. Mukafuna kuweta zamazira, kapena za mitundu ya Sasso ndi Boschveld, funsani za ameneyu pogula. Kena ndi kachilombo kochepetsa magazi, kodzera m'dzira, kamene kamafoola thymus, anapiye n'kuyera ndi mapiko kuoneka abuluu sabata yachiwiri.

Zina si mavairasi koma zimachita chimodzimodzi. Chuku cha m'chimanga ndi m'madeya onyowa chili ndi poizoni amene amafoola kathumba ndi thymus ndi kuononga chiwindi. Nthawi ya mvula thumba la chakudya likhale pathandala, osati pasimenti, ndipo chakudya chogwirana kapena chonunkha chinyontho chitayidwe. Mu Juni ndi Julayi vuto limakhala kutseka khola lonse ndi mapulasitiki, mbaula ili mkati. Utuchi wonyowa umatulutsa mpweya woyabwa wa zitosi. Gwadani pansi, mphuno ikhale pa msinkhu wa nkhuku. Ukakugwetsani misozi, waononga kale titsitsi ta m'njira ya mpweya timene timasesa fumbi ndi tizilombo. Pamenepo mabakiteriya a E. coli amalowa, ndipo potumbula mumapeza mtima ndi chiwindi zitakutidwa ndi zoyera zachikasu. Siyani mpata wa mpweya kumwamba ngakhale kuzizire.

Pakadali pano, choyamba kanenani ku ofesi ya madokotala a ziweto aboma. Lamulo la Zimbabwe limafuna kuti chitopa chinenedwe, komanso chimfine cha mbalame, chimene chinagwa m'dziko muno mu 2017, chimaoneka mofanana nacho ndipo chosiyanitsa ndi labotale. Labotale ya boma ya ziweto, Central Veterinary Laboratory, ili mu Harare, mumsewu umene ambiri amaudziwa kuti Borrowdale Road. Tengani nkhuku zitatu kapena zisanu, zongofa kumene kapena zodwala kwambiri, m'pulasitiki yomanga bwino, zozizira koma zosaundana, ndipo muwapemphe ayang'anenso bursa. Zakufa zina zikwiriridwe mozama kapena kuotchedwa, osapatsa agalu. Zotsalazo musazigulitse zamoyo, mungasamutsire mliri ku makola a anzanu. Kutemera gulu limene likudwala kale n'kutaya ndalama. Zipatseni madzi oyera okhala ndi mavitamini, zikhale pofunda, ndipo maantibayotiki agwiritsidwe ntchito dokotala akapeza mabakiteriya olowerera, motsata masiku odikira musanadye nyama.

Khola likatsala lopanda kanthu, chotsani utuchi wonse upite kutali, sesani fumbi kuyambira kudenga, tsukani ndi sopo, liume, kenako popererani mankhwala amene chikalata chake chikutchula Gumboro, monga okhala ndi glutaraldehyde kapena Virkon S, pa mlingo wolembedwawo. Kupopera pa zitosi zouma n'kusewera, mankhwala safika pansi pake. Likhale chopanda nkhuku masiku osachepera 14 mutamaliza kutsuka. Ngati pansi ndi padothi, ndalama yoyamba ya phindu ipite ku simenti, dothi silitsukika. Ndikudziwa kuti ofuna kupezerera msika wa Khirisimasi amaona masabata awiriwa ngati kutaya nthawi, koma bola kuchepetsa gulu limodzi pachaka kusiyana ndi kukwirira gulu lathunthu. Pakhomo pa khola pakhale nsapato zolowera momwemo mokha, ndipo ogula adikire kunja.

Pogula anapiye ena, pemphani pepala losonyeza katemera amene alandira kale. Makampani ena amabaya katemera wa Gumboro komweko, wa mtundu wodikira m'thupi mpaka chitetezo cha make chitsike, kapena wokwera pa katemera wa Marek. Zikatero simufunikanso kupereka wa m'madzi, ndipo pepala lawo ndilo mutsate, chifukwa iwo ndiwo akudziwa mphamvu ya chitetezo cha nkhuku zoikira mazirawo. Ngati palibe malangizo otere, kwa nkhuku zanyama ndingakulangizeni chitopa cha m'ma tsiku la 10, Gumboro tsiku la 14 ndi kubwereza tsiku la 19 kapena 20, kenako LaSota cha m'ma tsiku la 24. Kubwereza Gumboro n'chifukwa chakuti anapiye a m'bokosi limodzi sakhala ndi chitetezo cha make chofanana. Woyamba amagwira amene chawo chatha msanga, wachiwiri amatola otsala.

Katemera woyamba wa chitopa mupereke m'diso. Kwa nkhuku 200 ndi ntchito ya anthu awiri pafupifupi ola limodzi, ndipo mumatsimikiza kuti iliyonse yalandira. Kabotolo ka 1,000 kamasungunulidwa m'mamililita 30 a madzi ake apadera ogulira limodzi, dontho limodzi pa mwanapiye. Mugwireni chammbali, dontho ligwe osakhudza diso ndi kabotolo, mudikire aphethire ndi kumeza musanamuike mbali ya otemeredwa. Kuseri kwa diso la nkhuku kuli kanyama kodzaza maselo a chitetezo, kamene kamapanga asilikali oima pakhomo penipeni pamene chitopa chimalowera, m'maso, m'mphuno ndi kukhosi, ndipo chitetezo cha make sichisokoneza kwambiri pamenepo. Musadzitikite m'maso muli pantchitoyi, LaSota amafiiritsa maso a munthu kwa masiku angapo.

Kuti mudziwe ngati zagwira, labotale imatha kuyeza magazi a nkhuku 15 kapena 20 patapita masabata atatu chitemerereni. Njira ina yosalira ndalama ndi ya pakhomo pomwe. Tsiku la 28 iphani nkhuku ziwiri za ndiwo, tulutsani kathumba ndi kapamba, muziike pambale moyandikana. Pa msinkhu umenewu kathumba kabwino kamakula mofanana ndi kapamba kapena kuposa, n'koyera ndi kodzaza. Mukakapeza kakang'ono ngati nandolo, kofota ndi kotuwa, dziwani kuti Gumboro akadali m'kholamo ngakhale simunaone yotsegula m'mimba, ndipo gulu lotsatira lisalowe musanatsukenso ndi kukambirana ndi dokotala za mtundu wa katemera.